Nsalu za Achemwali ndi Makina Ochapira

Chaka chimene achemwali anga anabwera kudzakhala nafe ku boma la Mwanza, madzi a kumpope ankatuluka tsiku limodzi n'kusowa masiku awiri. Ndimakumbukira bwino chifukwa chaka chimenecho ndinachapa kuposa zaka zina zonse za moyo wanga.

Achemwaliwa ndi amene anandilera. Mayi athu anamwalira ine ndili wamng'ono, ndisanadziwe n'kulemba komwe, ndipo achemwali, amene anali atakula kale, ananditenga kumudzi kwathu ku Thambani n'kukapeza kachipinda kufupi ndi chipata cha malire. Ntchito yawo inali yochapira madalaivala a mathiraki amene ankakhala pamzere masiku angapo kudikira mapepala. Ankachapa maovolosi a girisi, majinzi ouma ngati chikumba, mabulangeti onunkha dizilo. Manja awo anali otuwa chaka chonse, zikhadabo zodyeka mpaka pamnofu. Manja amenewo ndi amene anandifikitsa pa uphunzitsi. Ine nditayamba ntchito ndi kukwatiwa, iwo anabwerera kumudzi kukalima.

Matenda awo anawabisa pafupifupi chaka. Anali atasiya kale kusamba, koma magazi anayambanso, pang'onopang'ono, kenako tsiku ndi tsiku. Sanauze munthu. Ankachapa okha tinsalu tawo n'kuyanika m'nyumba. Amene anandiimbira foni ndi mayi wina woyandikana nawo, ataona kuti masabata awiri apita achemwali osapita kutchalitchi. Nditafika ndinawapeza atakhala pamphasa, maso oyera ngati pepala, akundiseka kuti ndataya tsiku la ntchito pachabe.

Kuchipatala cha paboma anatitumiza ku Blantyre. Kumeneko dokotala wachizimayi anatiuza mofatsa kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo yafika kale patali. Anatipatsa mankhwala opha ululu n'kutiuza kuti tikawasamale kunyumba. Pobwerera tinakwera minibasi. Titaoloka Shire achemwali anati, “Ukandisiye ku Thambani.” Ndinati ayi. Sanabwerezenso tsiku limenelo.

Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri zogona ndi pabalaza, yopanda siling'i. Ana athu awiri anali kusukulu zogonera konko, ndiye achemwali tinawapatsa chipinda cha anawo. Amuna anga, amene ndi a ku Kasungu ndipo anabwera ku Mwanza chifukwa cha ntchito ya zaulimi, sanawiringule. Anakagula okha matiresi atsopano ndi pulasitiki yoyala pansi pa nsalu.

Za matenda amenewa anthu amanena za ululu, ndipo ululuwo ulipodi. Koma palibe amene anandiuzapo za kuchapa. Sanali magazi okha. Kunkatuluka madzi ena a fungo limene sindinalimvepo chibadwire, fungo lolowa m'makoma, m'tsitsi, mumkate umene. Patapita miyezi iwiri mkodzo nawo unayamba kungodzichokera. Patsiku ndinkasintha nsalu zoyala katatu, nthawi zina kanayi, kuphatikizapo zitenje ndi tinsalu tong'amba timene ankavala m'kati. Bulangeti likadetsedwa ndiye kuti tsiku lonselo lapita.

Panali mayi wina amene ankabwera kudzatichapira kawiri pa sabata. Anapirira mwezi umodzi. Tsiku lina anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kunena kuti, “Aphunzitsi, musandione ngati woipa. Ndikafika kwathu ana akukana chakudya chimene ndagwira. Zovala zanu ndi za abambo ndizichapa, koma za odwalawa ayi.” Ndinamuuza kuti ndamva. Sabata yotsatira sanabwerenso n'komwe.

Ndiye ndinkadzuka tambala woyamba, kunyika za usiku m'madzi ozizira, kutikita, kutsukuluza, kufinya, kuyanika, ndiyeno kusamba kawiri n'kuthamangira kusukulu. Masana ndikaweruka ndinkapeza mulu wina. Kumpope kukauma ndinkapita kumjigo wa kuseri kwa sukulu, mitunda inayi kapena isanu ya ndowa. Zala zanga zinang'ambika m'mfundo, ndipo choko chikalowa m'ming'alumo ndinkaluma mano pamaso pa ana. Magolovesi ndinayesa, koma ankabooka pa masiku atatu. Mphunzitsi mnzanga wina anayamba kutsegula mawindo ndikalowa m'chipinda chathu chopumulira. Sindikudziwa mpaka lero ngati fungolo linalidi pa ine kapena m'mphuno mwanga mokha.

Nkhani ya makina anaiyambitsa ndi amuna anga. Anandipeza Loweruka lina ndikulephera kufinya bulangeti, anagwira mbali inayo, tinapotokola limodzi, ndipo atayang'ana madzi amene ankatsika anati, “Mayi, tigule makina ochapira. Njinga yanga yamoto ija ingokhala, ndiigulitsa.”

Ndinalira ndi chisangalalo, ndisabise. Sabata yomweyo anapita ku msonkhano wa kuntchito ku Blantyre ndipo anabwerako ndi zithunzi m'foni. Makina anali amitundu iwiri. Ena anali otsegulira kutsogolo, okhala ndi kachitseko kozungulira kagalasi ndi mabatani ambirimbiri. Enawo anali otsegulira pamwamba, apulasitiki, okhala ndi migolo iwiri: wina wochapira, wina wofinyira.

“Awa ndiye makina,” anatero amuna anga akuloza otsegulira kutsogolo. “Amatenthetsa okha madzi, majeremusi onse kufa. Mumangoponyamo, kutseka, basi, mudzatulutse zofinyafinya. Sadya madzi ambiri. Abwana athu ali nawo omwewa.”

“Madziwo azilowa bwanji?”

“Amalumikiza kumpope.”

“Mpope wake uti, bambo? Uwu umangotsokomolawu?”

Anati tikhoza kuika thanki pamwamba. Ndinati thanki ndi nsanja yake ndi mwezi wina wathunthu. Ndinali nditafunsanso kwa namwino wina amene ankabwera kudzaona achemwali, ndipo iye anandiuza kuti makina a mlongo wake, otsegulira kutsogolo omwewo, magetsi akazima ali m'kati mochapa chitseko chimadzikhoma, zovala n'kugona m'madzi mpaka magetsi adzayake. Kwathu magetsi ankatha kuzima m'mawa n'kudzayaka dzuwa litalowa. Nsalu zoyala tinali nazo zisanu ndi imodzi zokha. Zitatu zikakhomeredwa m'makina, achemwali akanagona pa chiyani?

“Enawa ndithiramo madzi ndi ndowa,” ndinatero. “Magetsi akazima ndingotsegula pamwamba n'kumalizitsa ndi manja.”

“Ndiye mwapulumuka chiyani? Enawo mufunika kuvuula zovala mumgolo uwu kuika mu uwu, kutaya madzi, kuthira ena. Mukhala mukugwirabe zomwezo. Ine ndikufuna manja anuwo apume.”

Apa ankanena zoona, ndipo ndinkadziwa. Koma tsiku lachitatu la mkanganowo ananena mawu ena. Anati, “Komanso tiziganiza za kutsogolo. Apulasitikiwo sachedwa kufa. Tigule chinthu choti chidzatithandizebe ngakhale pambuyo pake.”

“Pambuyo pa chiyani?”

Ndinabwerezanso funsolo.

“Nenani, bambo. Pambuyo pa chiyani?”

“Simukundimvetsa.”

“Ndakumvetsani. Munthu akadali moyo inu mwayamba kale kukonza za nyumba yanu akadzachoka.”

Anadzuka n'kutuluka panja. Ndinamulakwira munthu uja, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti mumtima mwanga munali zoipa kuposa zimene ndinamunenera. Ine ndinkafuna apulasitikiwo osati chifukwa cha ndowa ndi magetsi zokha. Ndinkaganiza kuti makina olimba ndi a chiyani, poti ntchito yake ndi ya miyezi yochepa. Nanenso ndinkawerenga masiku a achemwali, kungoti ndinkawerengera chamumtima. Kukalipira amuna anga kunali kosavuta kusiyana ndi kuvomera zimenezo.

Masabata atatu anatha tikukokana. Njinga inagulitsidwa, ndalama zinali m'nyumba, koma makina osagulidwa. Iwo ankati akufunsa kaye mtengo wa thanki. Ine ndinkati ngati ndi agalasiwo asavutike n'komwe. Tinkanong'ona poyankhula, koma nyumba yopanda siling'i ilibe chinsinsi.

Tsiku lina ndikuwapukuta msana, achemwali anati, “Iwe, nkhani ya makinayi ithe. Ukandisiye ku Thambani.”

“Mwamva chiyani?”

“Makutu sanadwale. Banja lako lisagwedezeke chifukwa cha nsanza zanga.”

“Si za inu, achemwali. Ndi nkhani ya mpope.”

“Ine ndachapira anthu zaka zambiri. Ndimadziwa nkhope ya munthu amene watopa ndi zovala za mnzake.” Anatembenuka movutikira n'kundigwira dzanja, n'kuyang'ana zala zanga chimodzichimodzi. “Ukutikita ndi mfundo za zala. Ndinakuphunzitsa choncho ine? Tikita ndi chikhatho.”

Ndinaseka, iwonso anaseka, ndipo ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Linali Lachinayi. Ndinaweruka masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo nditalowa m'chipinda mwawo ndinapeza bedi lopanda munthu, lopandanso nsalu. Ndinaitana, osayankha. Ndinawapeza kukhonde la kuseri. Anali atagona chammbali pa simenti, beseni litagudubuka, madzi ofiira atayenderera mpaka pa masitepe. Nsalu imodzi inali yochapidwa kale, yofinyidwa bwino, itaikidwa pa mpando. Inayo anali ataigwirabe. Ntchentche zinali zitawazungulira. Sindikudziwa kuti anagona pamenepo maola angati. Milomo inali itauma, ndipo tsaya limene linagunda pansi linali litatupa.

“Ndimafuna ndikuchepetsereko,” anatero. “Chizungulire basi.”

Munthu amene ankalephera kufika kuchimbudzi popanda womugwira anakoka nsalu ziwiri ndi ndowa ya madzi kuchoka kukhitchini mpaka kukhonde. Ndinakuwa, anabwera mayi a nyumba yoyandikana nafe, tinawanyamula. Kuchipatala anati fupa la m'chiuno silinathyoke koma lachita mng'alu, ndipo mmene thupi lawo linalili panalibe zambiri zoti angachite. Kuyambira tsiku limenelo achemwali sanaimenso ndi miyendo yawo.

Amuna anga anafika kuchipatalako ndi zovala za kuntchito. Anaima kumiyendo kwa bedi n'kunena kuti, “Alamu, pepani.” Achemwali anati, “Mwalakwa chiyani inu, alamu? Ndagwa ndekha.” Ine ndi amuna anga sitinayang'anane. Lachisanu achemwali tinabwerera nawo kunyumba.

Loweruka m'mawa amuna anga anakwera minibasi yoyamba ya ku Blantyre osandiuza kanthu. Chakumadzulo pikapu ina inaima pakhomo, ndipo anatsitsa katoni yaikulu, yopepuka moti anthu awiri anainyamula osapuma. Anali otsegulira pamwamba aja, a migolo iwiri. Sindinafunse. Patapita masiku iwo eni anandiuza kuti wogulitsa anayambanso kuwatamandira agalasi aja, ndipo iwo anangomufunsa kuti ndi ati amene munthu angachapire lero lomwe ndi madzi a m'ndowa.

Koma tsiku limenelo sitinachapire, chifukwa magetsi kunalibe. Anayaka Lamlungu masana. Tinaika makinawo kukhonde lomwe lija, paipi yotayira madzi tinailozetsa ku ngalande, chingwe cha magetsi tinachidutsitsa pawindo la kukhitchini. Ndinathira ndowa zitatu ndi sopo waufa, ndinaponyamo nsalu ziwiri zimene ndinali nditazinyika kale, n'kupotokola kabatani. Madzi anayamba kuzungulira, kuima, kubwerera kwina. Ndinaima pamenepo manja ali lende, osadziwa chochita nawo.

Achemwali anamva phokosolo ndipo anaitana. “Ndikaone.”

Ndinati dikirani mupezeko bwino. Anati, “Kupeza bwino kwake kuti? Ndinyamuleni.” Amuna anga anawanyamula ngati mwana, pamodzi ndi bulangeti, n'kuwakhazika pampando wa ndalema titauyala mapilo. Ululu unawagwira moti anatseka maso kanthawi, thukuta lili kamukamu. Atatsegula anayang'anitsitsa mumgolomo nthawi yaitali. Ndinavuula nsalu imodzi, ndinaitsukuluza, ndinaiika mumgolo wofinyira. Makina ananjenjemera ngati athawa, ndipo nsalu inatuluka yongotsala pang'ono kuuma.

“Bweretsa kuno.”

Anaitambasula pamiyendo, anayang'ana pakati, anayang'ana m'mphepete mopinda, anainunkhiza.

“Pakatipa ayeretsa. M'mphepetemu ayi. Kolala ya dalaivala sangaithe awa.” Anasisita nsaluyo. “Koma kufinyaku ndiye ayi, andiposa. Akanakhalapo awa nthawi ijayi, iwe sukulu ukanaionera patali.”

Amuna anga anaseka, koma achemwali sankaseka.

Anaika malamulo awo. Nsalu zawo zisasakanizidwe ndi zathu. Zovala za alamu awo zisalowe m'makinamo tsiku limene mwalowa zawo. Tinsalu tam'kati tija tisalowemo n'komwe, chifukwa si zinthu zozungulira poyera munthu aliyense wodutsa n'kusuzumira. Timeneto ndinapitiriza kuchapa ndi manja mpaka tsiku limene namwino uja anatibweretsera matewera a akuluakulu. Achemwali atawaona anatembenukira kukhoma. Anawavala patapita masiku awiri.

Makinawo anathandiza, sindingakane. Amuna anga ananena zoona kuti ndizigwirabe madziwo, ndipo makinawo ankadya madzi ambiri moti mitunda ya kumjigo inawonjezeka. Amuna angawo anayamba kutunga okha ndi zigubu pa njinga yakapalasa asanapite kuntchito, anthu akuwayang'ana. Magetsi akazima pakati ndinkavuula n'kumalizira m'beseni. Koma bulangeti limene linkanditengera theka la tsiku tsopano linkauma dzuwa lisanapendeke, ndipo zala zanga zinayamba kupola. Madzulo ndinkapeza nthawi yokhala pambali pa bedi la achemwali, kuwadula zikhadabo, kuwapesa. Ankandiuza za kumalire: za dalaivala wina wa ku Beira amene ankawaphunzitsa Chipwitikizi cha sopo ndi madzi chokhachokha, za mnzawo amene anapsereza yunifolomu ya msilikali ndi simbi yamakala n'kuthawira ku Zobue, tsidya la malire, mwezi wathunthu. Nkhani zina ankazisiya pakati, mankhwala akawagoneka.

Chimene sindinachiganizire ndi phokoso. Pochapa ndi manja ndinkatha kutenga nsalu mwakachetechete iwo ali m'tulo, kuchapa, kuyanika, iwo osadziwa kuti zinali zingati. Makina sabisa. Akayamba kulira, nyumba yonse imamva, oyandikana nawo amamva. Achemwali anayamba kuwerenga.

“Kachitatu lero,” ankatero ndikalowa.

“Ndi makatani awa, achemwali.”

“Makatani ukuchapa tsiku lililonse?”

Kenako ndinaona kuti madzi amene ndinkawasiyira m'botolo popita kusukulu ndinkawapeza momwemo. Phala ankadya masipuni awiri n'kukankha mbale. Poyamba ndinkati ndi matenda. Tsiku lina ndinawagwira akungonyowetsa milomo n'kulavulira m'kansalu.

“Bwanji simukumwa?”

“Ndilibe ludzu.”

“Milomo yang'ambika iyi. Mukunama.”

Anayang'ana kudenga. “Chimene chalowa chimatuluka. Ndikamwa, chinthu chako chija chiyamba kulira, mudzi wonse udziwe kuti mayi uja wadziipitsiranso.”

Ndinagwada pambali pa bedi n'kuwapempha. Ndinati makina satopa, alibe manja, alibe mphuno, ndi chifukwa chake tinawagula. Ndinati oyandikana nafe ali ndi zawo zowadetsa nkhawa. Anati, “Iwe sunagonepo pamene ndagona ine.” Namwino atabwera anawalankhula kwa nthawi yaitali chitseko chili chotseka, ndipo anayambanso kumwa pang'ono. Namwinoyo potuluka anandiuza kuti ndisawakakamize kwambiri chakudya, chifukwa thupi lenilenilo layamba kukana.

Kuyambira pamenepo ndinasamutsira makina kuseri kwa bafa la panja, kutali ndi windo la achemwali, amuna anga atalumikiza chingwe china chachitali. Pansi pake ndinayalapo matumba kuti asamagunde simenti. Phokoso linachepa koma silinathe. Masiku ena, achemwali akakhala maso ndipo nsalu ndi imodzi yokha, ndinkangoichapa ndi manja mwakachetechete, makina ali pomwepo.

Achemwali anali ndi mwana mmodzi, wamkazi, amene anakwatiwa kumudzi wina wa kumapiri kupitirira Thambani. Iye ndi mayi ake sankamvana kwenikweni. Anakulira kwa abambo ake ukwati utatha, ndipo ankanena poyera kuti mayi ake analera mng'ono wawo n'kutaya mwana wobala okha. Sindinganene kuti ankanama. Ndinamuimbira kangapo, iye n'kumati ana, kumunda, thiransipoti. Anabwera sabata yomaliza, ndi mwana kumsana. Analowa m'chipindamo, fungo linamubweza, anaima pakhomo atagwira pakamwa. Kenako analimba mtima n'kukakhala pansi pafupi ndi bedi. Achemwali anali atasiya kuyankhula zomveka, koma anamuzindikira. Anamugwira chitenje osachisiya.

Masiku anayi amene anakhala nafe, mwana wa achemwaliyo ndi amene ankachapa. Ndinamuonetsa kamodzi kokha kathiridwe ka madzi ndi kapotokoledwe ka batani. Ankakhala kuseri kwa bafako nthawi yaitali kuposa imene makina ankafuna, ndipo pobwera maso anali ofiira.

Achemwali anamwalira Lachiwiri m'mawa, dzuwa litangotuluka, ine ndikuwapukuta kumaso. Panali patatha masabata asanu ndi awiri chigulireni makina. Tinakawaika ku Thambani pafupi ndi mayi athu.

Kawirikawiri ndimabwerera ku masabata atatu a mkangano aja. Makina aliwonse akanabwera sabata yoyamba, kaya agalasi kaya apulasitiki, mwina achemwali sakanakokera nsalu kukhonde. Khansa ikanawatengabe, ndikudziwa. Koma akanatha kumadzuka, kukhala pakhomo, kuona anthu akudutsa, mwina mpaka kumapeto. Ine ndi amuna anga sitinakambiranepo zimenezi. Kamodzi kokha, tikuchokera kumanda, anati, “Ndikanangogula tsiku lomwe lija.” Ndinati, “Nanenso ndikanangovomera.” Tinathera pomwepo.

Patatha mwezi tinakumana kumudzi kuti tigawe katundu wa malemu. Sanali wambiri: zitenje, mapoto, makasu awiri, mbuzi zitatu, wailesi yakufa. Malume athu, amene ankatsogolera, atamaliza anafunsa ngati pali china chotsala. Mwana wa achemwali uja anati, “Makina ochapira aja. Anagulira amayi anga.”

Anthu anayang'ana kwa ine. Malume anati, “Makinawo anagula ndi akamwini, ndi ndalama zawo. Si a malemu.”

“Akanakhala kuti amayi sanadwale akanagula?” anatero iye. “Zonse za amayi zinapita kwa anthu ena kuyambira kalekale. Ine ndingotenga mapoto?”

Wina anamukumbutsa kuti kwawoko kulibe magetsi. Iye anati adzafika. Ndinayang'ana amuna anga, amene anakhala kumbali ndi amuna anzawo. Anangogwedeza mutu pang'ono, kusonyeza kuti zili kwa ine.

“Atenge,” ndinatero.

Ena anandinena kuti ndachita mantha, ena kuti ndachita bwino. Kunena zoona, sichinali chifundo chokha. Chimwalirireni achemwali ndinali ndisanawayatsepo makinawo. Ndikangomva kulira kwake m'maganizo, fungo lija linkabwerera. Loweruka lotsatira tinawakweza pa pikapu yopita ku Thambani, titawakulunga m'katoni yawo yomwe ija.

Chaka chatha ndinapita kukaona mwana wa achemwaliyo atabereka mwana wina. Kuchokera pamsika wa Thambani ndinakwera kabaza, kenako ndinayenda wapansi kukwera phiri. Magetsi sanafikebe. Makina ndinawapeza pabalaza, pakona, atafunditsidwa nsalu yoluka, pamwamba pali chithunzi cha ukwati wake. Iye anachotsa chithunzicho n'kutsegula chivindikiro kuti anditapire mtedza wa paulendo. Mgolo wochapira unali wodzaza mtedza wosenda, wofinyira uli ndi nyemba.

“Makoswe salowamo,” anatero. “Anayesa kuboola paipi, koma m'kati sanafike.”

Anandithirira mtedzawo m'jumbo, wambiri kuposa umene ndikanatha kunyamula potsika phiri, ndipo anandiperekeza mpaka pamtsinje.